Botolo la Amayi M'kati mwa Juzi

Ndikukumbukira Juni wina ku Zolozolo, ndili sitandade faifi, pamene ndinatha masiku awiri ndikufungatira botolo ngati nkhuku ya mazira. Kuzizira kwa chaka chimenecho kunkalowa mpaka m'mafupa. Chifunga chinkachedwa kuchoka, ndipo madzi a pampopi ankaluma zala.

Kwathu n'ku Ntcheu, koma ntchito ya amayi ndi imene inatibweretsa ku Mzuzu. Ankagwira mu labotale ya zaulimi, kutsuka mabotolo ndi kusamalira zimene akuluakulu ofufuza ankayesa. Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala anyaGondwe, mayi wamasiye amene ankadyetsa ana ake anayi ndi dimba la kabichi kudambo. Chaka chimenecho timbozi tobiriwira tinaboola masamba onse mpaka kuoneka ngati sefa. Mankhwala a m'sitolo anali atasiya kugwira. Mbozi zinkangonenepa, pamene manja a anyaGondwe ankasupuka ndipo chifuwa sichinkawatha.

Lachisanu lina amayi anaweruka msanga atanyamula katoni yokutira ndi chitenje. Munali mabotolo atatu otseka ndi thonje, ndipo m'katimo munali timadzi tofiirira ngati thobwa losungunula. Kuntchito magetsi anali atawonongeka, ndipo anauzidwa kuti ayakanso Lolemba.

"Muno muli zamoyo, Tadala," anandiuza. "Mabakiteriya a m'dothi. Tawasaka miyezi yambiri. Akakula bwino amapanga poizoni wopha mbozi, koma akazizidwa sakula, akasowa mpweya sakulanso."

Ndinasuzumira, osaona kanthu. Anandifotokozera kuti anawapatsa ufa wa soya ndi kashuga pang'ono, ndipo kuntchito makina ndi amene ankawafunditsa n'kumawagwedeza kuti mpweya uzilowa. Tsopano makinawo tinali ife. Botolo lina anadzimangira okha pamimba ndi chitenje, lina anandilowetsa m'kati mwa juzi. Botolo lachitatu bambo anati alisamala mwanzeru zawo, n'kuliika pafupi ndi mbaula. Pofika Loweruka masana linali litatentha ngati tiyi. Amayi analigwira, n'kuwayang'ana bambo. Bambo anatuluka kukakonza njinga imene inalibe vuto lililonse.

Ine ndinaligwira langa mwamantha. Ndinkaliyendetsa pang'onopang'ono mozungulira, kusamala kuti madzi asakhudze thonje. Galasi lija, limene poyamba linandizizira pakhungu, linafunda mpaka kukhala ngati mbali ya thupi langa. Lamlungu ndinapita nalo kutchalitchi, n'kumaligwedeza motsatira nyimbo za kwaya. Mayi wina pambali panga anandiyamikira kuti mwanayu amaimba ndi thupi lonse. Pofika madzulo timadzi tija tinali titachita mbuu, tikununkha ngati nyemba zogonera. Amayi ananunkhiza thonjelo n'kumwetulira.

Lolemba mabotolo awiri otsalawo anabwerera pamakina. Lachinayi nditaweruka kusukulu, amayi anapempha chilolezo kwa abwana awo n'kundilowetsa mu labotale. Anadontheza kadontho pakagalasi, anakapaka utoto, n'kundikweza pampando kuti ndiyang'ane m'makina okulitsira zinthu. Poyamba ndinangoona kuwala ndi nsidze zanga. Kenako anapotoza pang'ono, ndipo zonse zinaonekera bwino. Munali khamu! Timbewu tosawerengeka tonga mpunga, ndipo pambali pake timiyala tosongoka mbali ziwiri, tosemedwa bwino ngati pali mmisiri amene anakhala pansi ndi kampeni.

"Timiyalato ndiye poizoni," ananong'ona amayi, ngati tili m'nyumba ya mapemphero. "Chakudya chikawathera, mabakiteriya amadzikulunga n'kugona, koma amasiya kamwala pambali. Ukawakhutitsa kwambiri sapanga ambiri. Iwe utameza sikangakuchite kanthu. Kamasungunuka m'mimba mwa mbozi."

Ndinatsika pampando. Zonsezo zinachitikira pamimba panga, ine osamva ngakhale kunyerenyetsa. Pobwerera kunyumba ndinkaponda dothi mosamala.

Ofufuzawo ankafuna dimba loyeserapo, ndipo amayi anatchula la anyaGondwe. Tinakapopera Loweruka dzuwa litapendeka, chifukwa amayi anati dzuwa lamphamvu limawononga poizoniyo. M'mawa mwake anyaGondwe anafika pakhomo nkhope itagwa, n'kupereka moni m'Chitumbuka.

"Mwawuka uli, anyina Tadala? Zija zalephereka. Mbozi zili phee, zamoyo zonse."

"Zikudya?" anafunsa amayi.

AnyaGondwe anatitsogolera. Tinatsikira limodzi kudambo, mame akutinyowetsa miyendo. Ndinagwada pa kabichi wina. Mbozi zinalipodi, koma palibe imene inkatafuna. Zinangoima pamasamba ngati zaiwala chimene zinabwerera. Patapita masiku awiri zinali zitada, zikulendewera mitu pansi. Nkhuku zinkazitola, ine n'kumazitsatira tsiku lonse kudikira kuti zigwe, koma madzulo zinakalowa m'khola zikukangana ngati masiku onse. Njuchi zinali pamaluwa a mpiru, achule akudumpha m'ngalande. Poizoni uja anadutsa zonsezo n'kukapeza mbozi zokha.

Masamba atsopano anatuluka osaboola, ndipo kabichi anamanga mitu. AnyaGondwe anabwera ndi wamkulu kuposa onse. "Yewo chomene," anathokoza motero, koma anandipatsa ineyo, osati amayi, n'kuwonjezera kuti, "Uyu ndi nesi wa tizilombo."

Masiku ano kudambo kuja kuli nyumba zothinana, ndipo mankhwala a mtundu umenewu ndimawapeza ali m'timapaketi towala, opangidwa m'mafakitale a kutali kumene kutentha ndi mpweya zimayezedwa ndi makompyuta. Wogula amangong'amba n'kuthira m'madzi, osadziwa kuti ufawo unachokera ku zamoyo zimene zinkafuna chakudya ndi kufunda. Amayi anapuma pantchito, ndipo maso awo sathanso kuona zilembo. Mwezi watha ndinawapititsira kapaketi kamodzi ku Chibanja kumene akukhala, n'kuwawerengera zonse zolembedwapo. Anakapapasa, anakanunkhiza, kenako anandifunsa, "Nanga sanalembe kuti anawadyetsa chiyani?"