Mawu a Kelvin Rourke

Kudera la Wagga aliyense woweta nkhosa amamudziwa Kelvin Rourke, ngakhale amene sanamuonepo nkhope. Lachinayi lililonse amaima pamwamba pa makola n'kumaitanira mitengo pa okushoni ya nkhosa, ndipo kumupatsa chokuzira mawu n'kumutukwana. Bambo ake ankagwira ntchito yomweyo. Kwawoko munthu akamapempha mchere patebulo, umangoti akuitana galu amene ali kutsidya kwa mtsinje.

Koma za padziko n'zoseketsa. Mwana wake mmodzi yekhayo, Piper, anabadwa ndi makutu omva zonse mopitirira muyezo: kulira kwa firiji, mbalame padenga, ngakhale zipi ya chikwama. Kelvin akangoti "Ndabwera!" pakhomo, mwanayo ankatseka makutu n'kukalowa pansi pa bedi. Anafika zaka zisanu asanakhalepo pamiyendo pa bambo ake mwa kufuna kwake. Zimenezi zinkamudya mumtima Kelvin, ngakhale sankauza munthu.

Mayi Vasiliou, omwe amathandiza ana otere, anamupatsa Piper mahedifoni. M'menemo munkamveka nyimbo zosefedwa, mawu ena atachotsedwa, ena akubwera pang'onopang'ono kuti makutu azolowere. Ankamvera m'mawa ndi madzulo uku akusewera pakatungwe. Naye Kelvin anadzipezera mankhwala ake osafunsa munthu: anasiya kulankhula m'nyumba. Galimoto ankaimika kumsewu, nsapato kuvulira panja, n'kulowa monyang'ama ngati wakuba. Akafuna kanthu ankangoloza.

"Iwe Kelvin, kodi ndinakwatiwa ndi munthu kapena mpando?" anafunsa mkazi wake Narelle.

"Mwana akupeza mtendere, si choncho?" ananong'ona iye.

"Tamumveni! Kunong'ona kwakoko a kutali kutauni ya Junee akumva."

Patapita miyezi, Piper anayamba kupirira firiji, ngakhalenso makina otchetchera udzu a aneba. Koma bambo ake ankawazembabe. Tsiku lina Narelle anakana kuperekeza mwana kwa Mayi Vasiliou, nati apite ndi bambo ake. Mayiwo ataona chimunthu chonsecho chikungoyankha ndi mutu, anatembenukira kwa mwana.

"Piper, adadi amacheza nawe kunyumba?"

"Ayi. Anandikwiyira."

"Wawalakwira chiyani?"

"Ndimawathawa."

Kelvin ankayesa kuti akumuteteza mwana, osadziwa kuti mwanayo akuona ngati chilango. Anachita manyazi ndi chisoni.

"Bambo Rourke, ine sindingachotse phokoso padziko," anatero Mayi Vasiliou. "Ndimathandiza mwana kuti azitha kukhala nalo. Chimamuopsa kwambiri ndi mawu omudzidzimutsa, oti alibe nawo chochita. Nanga anuwo mukawabisa, awazolowera liti?"

Anamukhazika Kelvin pansi kukona, Piper n'kumukweza pakatungwe. Lamulo linali limodzi: wolamula ndi mwana. Akakweza dzanja, bambo akweze mawu. Akatsitsa, nawo atsitse.

"Mungathe kutsatira dzanja?"

"Mayi, ine munthu akangogwedeza chikope kumbuyo kwa chigulu ndimadziwa kuti wagula," anatero Kelvin mokweza. Dzanja la Piper linatsika msangamsanga. Kelvin anayambiranso chapansipansi.

Nkhani za ana analibe. Anayamba kusimba za nkhosa ina yaliuma imene inalumpha khola n'kukalowa m'kantini mmene alimi ankadyera. Maso ake sanachoke pakadzanja kaja. Kanakwera pang'ono, iye anakweza. Kanakweranso. Atafika poti nkhosa yagubuduza tebulo, anaiwala, mawu a kumakola n'kutuluka onse. Piper anagwetsa dzanja mpaka pabondo, maso atatsinzina.

Kelvin anatseka pakamwa. Anadziwa kuti waononga, ndipo anayamba kuyang'ana chitseko kuti atuluke, mwana apume. Katungwe anaima.

"Adadi," anatero Piper, asanatsegule maso. "Sindinati musiye. Ndati muchepetse. Ndiye nkhosayo inatani?"