Mtsuko wa a Khairu

Ife a pamzikiti wa ku Panipat tikamatchula anthu oopa Mulungu, timayamba ndi a Khairu, otunga madzi. Anabadwira m'banja losauka, ndipo thumba lamadzi lachikopa cha mbuzi analidziwa asanadziwe nsapato. Bambo awo anawasiyira malangizo awiri basi: kuswali pa nthawi yake ndi kusamana munthu madzi.

Ndevu zikungowamera kumene, Amugali anatsika kumapiri ndi mizinga yawo, nkhondo n'kutigwera pakhomo. Njovu za mfumu ya ku Delhi zitamva kugundako zinapondereza eni ake omwe. Nkhondo itazirala, a Khairu analowa m'chigwa momwe munali nkhondomo ndi thumba lawo kukamwetsa ovulala, osafunsa kuti uyu ngwa mbali iti. Anapeza msilikali wachihindu akuwefuka, milomo ili gwaa.

"Imwani, achimwene."

"Zam'chikopa ayi, ife sitimwa, chipembedzo chathu sichilola," anatero uja, natembenuza nkhope.

Anatsirizika ndi ludzu madzi ali pomwepo, ndipo zimenezi zinawawawa a Khairu moyo wawo wonse. Kuyambira pamenepo ankasenzanso mtsuko wadothi wosakhudzana ndi chikopa. Akazi awo, a Zaituni, ankawaseka.

"Kodi ndinakwatiwa ndi ngamila? Msana umodzi, katundu wa anthu awiri."

"Mayi, Mulungu akadzandifunsa za waludzu, ndidzati vuto linali thumba?"

Chaka chotsatira Amugali anawatenga kukatungira asilikali ku nkhondo ya ku Khanwa. Kumeneko mkulu wa asilikali anawapeza atagwada, akumwetsa Mhindu wothyoka mwendo, dzina lake Harsukh.

"Iwe, madzi athu ukumwetsa adani?"

"Bwana, mukadzagona apa inu, ndidzakumwetsaninso."

Anawakwapula mpaka msana kung'ambika, n'kuwathamangitsa. Sitinawamvepo akudandaula. Harsukh atachira anawalondola mpaka kuno, nayamba kugulitsa mphodza pamsika, akuyendera ndodo. Anakalambira limodzi awiriwa, kunyogodolana tsiku ndi tsiku, ngakhale sanadyerepo mbale imodzi. Mafumu ankasinthana ku Delhi, koma a Khairu m'mawa uliwonse anali kumzikiti, kenako kuchitsime.

Atakalamba, a Zaituni atatsogola kale, a Khairu anadwala kwambiri m'chilimwe choopsa. Chitsime chapafupi chinali chitauma, ndipo ndinene mosabisa, ife tonse tinali kalikiliki ndi mitsuko yathu. Amene anawazonda masana amenewo ndi Harsukh. Anawapeza lilime litauma, m'nyumba mulibe ndi dontho lomwe. Mtsuko sakanatha kuusenza chifukwa cha ndodo ija. Anayang'ana thumba linali pakhoma, chinthu chimene sanachikhudzepo chibadwire, nalikoleka kumsana, ulendo wa ku chitsime chakutali.

Atabwerako ali thukuta kamukamu, a Khairu anatsegula maso.

"A Harsukh, chikopa chimenecho?"

"Tamwani inu, madala. Ine ndikasamba."

Anamwa pang'onopang'ono mpaka kukhuta. Kenako anatchula dzina la Mulungu, napuma mwamtendere, ndevu zikadali zonyowa.

Mulungu awachitire chifundo. Mpaka lero pakhomo la mzikiti wathu, pambali pa thumba, pamakhala mtsuko wadothi, ndipo wofika koyamba kudzaswali m'mawa ndiye amaudzaza.