Chigamba chomwe ndinayatsa pa laputopu ya achemwali

Ndimakonza makompyuta ku Ndirande, ndipo kenelo ya Linux, mtima wa pulogalamu yoyendetsa makinawo, ndimaimanga ndekha. Imabwera ndi zigamba, zigawo za pulogalamu zongoyesera, zozimitsidwa dala, ndi chenjezo loti zisayatsidwe pa makina ogwirira ntchito. Ine ndi matama angawa ndinayatsa chimodzi pa laputopu ya achemwali anga kuti izithamanga, osakopera kanthu pambali. Inathamangadi masiku atatu, kenako mafayilo onse anawonongeka. M'menemo ndi momwe munali mawu ojambulidwa a malemu mayi athu akuimba nyimbo za Chilomwe.

"Chachitika n'chiyani, achimwene?" anandifunsa achemwali.

"Magetsi othimathimawa," ndinayankha, maso ali pansi.

Mpaka lero magetsi akathima achemwali amawatukwana, ati anawalanda mayi kachiwiri. Ine n'kumawathandiza kutukwanako.