Tambala amene ndinabwerera naye ku Madzimoyo

Mukafika pamsika wa Kapata n'kufunsa amayi Elesi ogulitsa tomato, aliyense akulozerani. Koma mukafika tsiku la khoti mupeza kampando kokha, tomato atavundikiridwa ndi thumba. Eni ake amakhala ataperekeza wina amene wamenyedwa, kapena wamasiye amene achibale amulanda nyumba. Si apolisi, si loya, sukulu analekera giredi sikisi. Amangodziwa khomo la ofesi yothandiza ozunzidwa kupolisi, ndi kumene pepala la dokotala limasainidwa. Mapepalawo amasunga okha mupulasitiki pansi pa lichero, akuti pepala likagona m'nyumba ya womenya, makoswe amalidya tsiku lomwelo.

Ine ndine Andireya, tcheyamani wa mphakati, kagulu kathu ka mumpingo, kwathu ku Madzimoyo. Ntchito imene ndinadzipatsa ndekha ndi yoyanjanitsa anthu, ndipo kunena zoona ndinkadzimva nayo. Ndikayamba kulankhula ngakhale mbuzi zimasiya kudya. Ndi mmene ndinkaganizira ineyo.

Chaka chatha, nthawi yokumba nshawa, Jabulani mwana wa alamu anga anamenya mkazi wake Tamiwe. Tamiwe anathawira kwa amayi Elesi, nkhani n'kufika kukhoti. Abale a Jabulani anabwera kwathu akusisita manja.

"A tcheyamani, anangokankhana pang'ono awa. Kamuuzeni mwana uja atseke mlandu Lolemba, tsiku la khoti, lisanafike."

Sindinafunse kanthu. Ndinavala jekete, n'kumangirira tambala wa chipepeso pakaliyala wa njinga, ulendo wa kutauni.

Ndinapeza amayi Elesi ndi Tamiwe pakhonde akusankha tomato. Amayi Elesi anandipatsa kampando, ine n'kukakokera kumanzere kwa Tamiwe poti kunali mthunzi. Eee, ndinalankhula inu! Ndinayambira pa ukwati woyera, n'kudutsa pa ana, pa manyazi a mtundu, mpaka pa nshawa zimene zikuolera m'munda. Tamiwe anangoti zyoli, osayankha. Mumtima ndinati, mawu alowa awa. Nditamaliza ndinapukuta thukuta monyadira.

"Mwatha, a tcheyamani?" anafunsa amayi Elesi.

"Ndatha, amayi."

"Zokoma zonsezo mwauza khoma. Khutu mwakhalira inulo silimva. Mpini wa khasu unagwera pamenepo."

Mayo ine! Manyazi anandigwira. Ndinapalasa mtunda wonse uja kudzapepesera mlandu umene sindinkaudziwa n'komwe. Tambala naye, wopanda mwambo, anasankha nthawi yomweyo kulira. Ndiye tamvani uchitsiru wanga, ndinati, "Chabwino, ndibwereze mbali inayo."

"Iyayi, mwalankhula zokwanira chaka chonse," anatero amayi Elesi. "Mwini wakeyu mwamufunsa chimene akufuna?"

Anakweza dzanja lawo lamanja, linalekera paphewa. "Wanga mlandu wa kumenyedwa unatha ndi mbuzi, ndili mtsikana. Amalume anadya nyama, chikopa anayala pakhonde. Ine mpaka lero palibe anandifunsapo, ndipo dzanjali silifika pamutu, dengu amachita kundisenzetsa anzanga. Ndiye ine sindiuza munthu kuti tseka kapena usatseke. Ndimangomuperekeza kumene wasankha yekha."

Ndinanyamula kampando kanga mwakachetechete, n'kukaika kumanja. Zaka makumi awiri ndikuyanjanitsa mabanja, funso ili linali lisanatulukepo pakamwa panga, moti linatuluka motsimphina.

"Mwana wanga, iweyo ukufuna chiyani?"

Tamiwe anadzutsa mutu. "Atate, kukhululuka mwina ndidzakhululuka. Koma ndikufuna ndinene ndekha zimene zinachitika, pamaso pa woweruza, iye ali pomwepo akumva. Kumudzi aliyense wafotokoza nkhani yanga kupatula ine." Anatembenukira kwa ine. "Koma ndikuopa. Mabenchi onse adzadzaza abale ake, ndipo ndikapanda kumva pondiitana adzandiseka. Inu ndinu atate athu mumpingo. Mukati nditseke, nditseka."

Apo mpamene ndinachita mantha enieni. Liwu limodzi langa, mwanayu akanabwerera kumudzi osanenapo kanthu mpaka kalekale, ine n'kulandira ulemu wa munthu wodziwa kukonza zinthu. Ndinayang'ana tambala, tambala n'kundiyang'ananso.

"Sindinabwere kudzanena zimenezo," ndinanama. Kenako ndinati, "Ayi, ndinabwerera zomwezo. Koma sindinena."

Ndinabwerera ku Madzimoyo ndi tambala wanga pakaliyala. Alamu anasiya kundipatsa moni. Mayi a kunyumba anaseka mpaka kugwira nthiti, akuti chiyambire sanaonepo nkhuku ikupita kutauni kokaona malo n'kubwerako.

Lolemba ndinavalanso jekete lija. M'khoti abale a Jabulani anadzaza mabenchi atatu, ndipo anandisiyira malo pakati, poganiza kuti mwina nzeru zandibwerera. Koma ndinawadutsa n'kupita pabenchi pamene panali anthu awiri okha, Tamiwe ndi amayi Elesi. Ndipo ine mwana wa munthu, pofika pamenepo ndinakhalanso kumanzere!

Amayi Elesi anandikoka jekete. "Uko n'kwanga, ndimugwire dzanja. Inu a mawu ambiri khalani kumanja, pakamwapo pagwire ntchito lero."

Tinadikira mpaka dzuwa kufika pamutu. Kenako kalaliki anatchula dzina la Tamiwe akuyang'ana m'mapepala, ndi mawu apansipansi. Tamiwe sanamve. Kumabenchi atatu kuja wina anayamba kutsokomola moseka. Ndinaweramira kukhutu lake labwino, n'kunena ulaliki waufupi kuposa wina uliwonse pamoyo wanga.

"Akuitana iwe. Nyamuka."

Ananyamuka, nakaima kutsogolo, n'kuyamba kufotokoza: za khasu, za magazi, za khutu. Palibe anamudula. Ndipo ine Andireya, uja woletsa mbuzi kudya, ndinatseka pakamwa n'kumva nkhaniyo koyamba.