Miyendo ya Apongozi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera mayi ena a kutchalitchi kwathu amene ankachapa nsalu pachipatala china ku Mangochi. Anandinong'oneza kuti ku wodi ya amuna kukufunika wothandiza anamwino. Ndinapita khadi la chipani lili m'manja, poti masiku amenewo wopanda khadi ankabwerera pageti. Ndinali nditangokwatiwa kumene ku banja la asodzi a ku Nkope, koma ine ndi mwamuna wanga tinkakhala paboma.

Ndinkayesa kuti ndizingokolopa ndi kutaya mikodzo. A Sisitala, mayi wamfupi wa kumpoto amene sankabwereza mawu, anandipatsanso ntchito yodzutsa odwala a opaleshoni. Munthu akagona nthawi yaitali osasuntha, magazi amaundana m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo oundanawo akathothoka n'kukafika m'mapapo, munthu amapita mukucheza naye. Choncho tinkakulunga miyendo ndi bandeji yotanuka kuyambira kuphazi mpaka m'bondo, kuwamwetsa madzi, ndi kuwauza kuti azigwedeza mapazi ngati telala wopalasa makina. Kukacha tinkawagwira m'khwapa n'kuwayendetsa. "Mwendo ukatupa n'kutentha, usasisite, undiitane," ankatero a Sisitala.

M'mawa wina ndinapeza pabedi la pakona pagona apongozi anga, bambo a mwamuna wanga. Anawachita opaleshoni ya phudzi dzulo lake, ndipo kumudzi anandibisira chifukwa si nthenda youza mtengwa. Bambo amenewa sindinkadya nawo pamodzi. Tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire, moni ndinkapereka nditagwada patali.

Apongozi aakazi ataona mabandeji m'manja mwanga anaimirira. "Iwe mwana wanga, ukufuna kuwavundukula bambo ako? Asiye agone, chilonda chikadali chachiwisi."

Ndinathamangira kwa a Sisitala kukapempha kuti atume wina. Mnzanga wamwamuna wa mu wodimo anali atapita ndi ambulansi ku Katuli, a Sisitalawo ankalowa ku opaleshoni ina. "Magazi sadziwa chipongozi," anatero akusamba m'manja. "Asiye chigonere ngati ukufuna, koma ukawalira ndiwe."

Ndinabwerera nkhope ili pansi. Nditakweza bulangete mpaka m'mawondo, bambo aja anadzifunditsa nsalu kumaso. Mapazi awo anali ong'aluka ndi mchenga wa kunyanja, ndipo nditayamba kukulunga, bandeji inandipulumuka n'kugubuduzika pansi pa bedi. Ndinakwawa kukaitola, amuna a mabedi ena akuseka. Wina anati, "Atengwa a masiku ano sachedwa kuzolowera."

Chovala cha chipatala chinali chotsegula kumbuyo. Ndinapempha chitenje cha apongozi aakazi n'kuwamangira m'chiuno, kenaka ndinalowetsa phewa langa m'khwapa mwawo. Anabuula, thupi lonse anatsamira pa ine. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvenso kwina, ndinkalakalaka pansi patang'ambika. Titayenda pang'ono ndinafuna kubwerera, koma iwo anatembenukira kwa akazi awo, poti ine sakanandiyankhula.

"Auzeni amayiwa tifike pawindo paja."

Tinafika. Madzulo tinayendanso, mawa lakenso, mpaka anatuluka miyendo ili bwinobwino.

Nkhani inafika ku Nkope iwo asanafike. Ndikapitako, kudooko amayi ankagwirana ndikamadutsa, ati uyu ndi uja anaona za apongozi ake. Mwamuna wanga anakhala masiku akudya osandiyang'ana. Mpaka lero ndikakumbukira bandeji ija ikugubuduzika, nkhope imanditentha. Koma m'zaka zonse zimene ndinagwira mu wodi sindinalumphepo bedi chifukwa cha manyazi, anga kapena a wodwala.

Nditapita kumudzi patapita miyezi, ndinawapeza apongozi aamuna aja pakhonde akusoka ukonde. Ndinagwada patali paja monga kale n'kupereka moni. Anayankha maso ali pa ukonde. Kenaka anatambasula miyendo yonse iwiri poyera, n'kuyamba kugwedeza mapazi ngati telala.