Lole Imene Inakana Maliro pa Mtunda wa Nambewe

Nditabwera kunkhondo yachiwiri ija ndinakhala kwathu kufupi ndi Khombedza, ndikungoyendayenda ndi jekete la usilikali ngati munthu wofunika. Khasu linkandinyansa. Kunkhondo ndinali m'gulu la amakaniko, ndipo manja anga anali atazolowera sipanala. Tsiku lina ndinapita ku Salima kukaona sitima, poti chochita ndinalibe. Kuseri kwa siteshoni ndinapeza anthu akutsitsa ekiselo ya lole ya asilikali, chitsulo chonyamula matayala chija, m'bogi ya sitima, chingwe atachikoleka pa paipi ya buleki. Ndinawakalipira ngati katunduyo ndi wanga, mpaka mwini wake weniweni anatembenuka n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mumazidziwa zitsulo zimenezi, achimwene?"

"Ndagona nazo kunkhondo," ndinayankha.

"Dzina ndani?"

"Yonasi."

"Mawa ndikupezeni ku Lifuwu, a Yonasi."

Amenewo anali a Matewere, munthu wogula nsomba zouma ndi mpunga kunyanja n'kukakweza sitima ku boma. Anali ndi lole imodzi yokoka ndi matayala akumbuyo okha. Dzinja likafika lole ija inkasanduka nyumba ya achule, chifukwa pakati pa nyanja ndi boma pali dambo la makande, dothi lakuda lomata lija. Nsomba zinkachita nkhungu zili m'madengu. Ndiye iwo anakagula, kumene boma linkagulitsa zotsala za nkhondo, ekiselo yakutsogolo yokhala ndi difu yakeyake, chibokosi cha mano ozunguza matayala, pamodzi ndi giyabokosi yaing'ono yogawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, imene amakaniko timati tiransifa. Ankafuna kuti lole yawo izikoka ndi matayala onse anayi ngati ya asilikali.

Galaja yathu inali mtengo wa mango. Tinakoleka tcheni panthambi yaikulu, n'kunyamula mutu wa lole, n'kuukhazika pa zipika. Wondithandiza anali dalaivala wa loleyo, Che Saidi, bambo wachikulire wosakonda kuyankhula. Tinamasula mabawuti a masipuling'i n'kukunkhuniza ekiselo yakale. Yatsopanoyo sinagwirizane ndi masipuling'i athu, choncho wosula makasu wa m'mudzimo anatisulira timbale tachitsulo, ine n'kuboola ndi dirilo yamanja mpaka matuza. Tiransifa tinaipachika kuseri kwa giyabokosi. Shafti yakumbuyo, mtengo wachitsulo wopititsa mphamvu ku difu, tinakaidulitsa ku boma kuti ifupike, ndipo ndodo yolowetsera matayala anayi tinaitulutsira pambali pa mwendo wa dalaivala.

Ntchito itatsala pang'ono kutha ndinachita chimene makaniko aliyense ayenera kuchita poyamba penipeni, chikhala kuti zitsulo wagula yekha. Ndinakweza tayala limodzi lakutsogolo ndi jeke, n'kulemba choko pa tayala ndi pa shafti. Che Saidi anazunguza tayala kawiri, ine ndili chagada kunsi ndikuwerenga kuzungulira kwa shafti. Inazungulira kasanu ndi kawiri n'kupitirira pang'ono. Tinachita chimodzimodzi kumbuyo. Shafti yakumbuyo inaima isanafike n'komwe pamenepo. Tinabwereza, choko sichinasinthe mawu.

Kwa amene simunagwirepo ntchito imeneyi, nkhani yake ndi iyi. Tiransifa imazunguza mashafti onse awiri mofanana. Ngati mano a m'difu yakutsogolo akusiyana ndi a kumbuyo, matayala akumbuyo amafuna kuthamanga pamene akutsogolo akutsalira. Zili ngati kumanga pa goli limodzi ng'ombe yaitali miyendo ndi ina yaifupi. M'matope kapena mumchenga palibe vuto, tayala limatereka pang'ono ndipo mkangano umatha. Koma pa nthaka youma, katundu atalemera, palibe tayala lotereka. Zitsulo zimapotana mkati mpaka lole iime kapena china chithyoke.

Ndinawafotokozera a Matewere zonsezi. Anamvetsera, kenako anauza Che Saidi kuti alize injini tikayese kunyanja. Kwathu kuno lole imayesedwa pamene imavutika, ndipo imavutika pamchenga. Inayenda pamchenga paja ngati ili pa njanji. Asodzi anasiya makoka n'kumaithamangira.

"Choko chanu chanama, a Yonasi," anatero a Matewere akuseka.

"Mchenga ndiye wanama, bwana. Ekiselo yakumbuyo nayo ichokere ku lole yomweyo ya asilikali."

Sanali munthu wopusa. Anavomera kuitanitsa ekiseloyo, koma sitima siimva changu cha munthu. Podikira tinagwirizana lamulo limodzi: ndodo ilowe m'matope mokha, ndipo ituluke lole isanaponde pouma.

Mvula itakhazikika, mng'ono wawo wa a Matewere, dzina lake Lameki, anadwala mwadzidzidzi. Anali munthu wamphamvu, wonyamula thumba la mpunga yekha. Anayamba ndi malungo, kenako mkodzo unada, ndipo anamwalira kuchipatala cha ku boma sabata isanathe. Imfa yotere kwathu siyenda yokha, imabwera ndi manong'onong'o. Maliro anayenera kupita kumudzi kwawo kufupi ndi nyanja, ndipo njira inali imodzi, ya m'dambo ija. Maliro sakanizidwa galimoto. Ndinaponya jeke ndi masipanala kuseri kwa mpando n'kukwera nawo.

Tinanyamuka ku boma dzuwa lili pamutu, koma kumwamba kuli bii. Bokosi tinaliika pakati, azimayi atakhala molizungulira, azibambo ataima m'mbali. Aliyense amene tinamupeza panjira anakwera, chifukwa pamaliro suuza munthu kuti malo atha. Masipuling'i anawongoka. Matayala nawo anaphwatalala.

M'dambo lole inagwira ntchito yake. Che Saidi analowetsa ndodo, matope akuuluka mbali zonse, azimayi akuimba nyimbo za kutchalitchi. Tsidya lina la dambolo msewu umakwera nthawi yomweyo pa kamtunda ka miyala yofiira, kolimba ngati simenti. Matope amathera pamene mtunda wayambira. Che Saidi anayesa kutulutsa ndodo m'mphepete mwa matope, lole inayamba kumira, ndipo anaibwezera msanga.

"Tikatulutsire pamwamba," anatero.

Pamwamba sitinafike bwino. Chiwongolero chinayamba kuuma m'manja mwa Che Saidi. Matayala akutsogolo analira pamiyala, lole inadumpha kawiri, kunsi kunamveka kubuula kwa chitsulo, ndipo injini inazima. Ndinagwira ndodo ija ndi manja awiri. Inali itauma gwa, ngati yaotcheredwa. Ndinatsika n'kupukusa handulo yolizira, injini inalira, koma Che Saidi atangosiya kilatchi inazimanso. Azibambo anatsika kukankha. Lole sinasunthe ngakhale phazi limodzi.

Nyimbo inatha yokha, wina asanailetse.

Pa mtunda umenewo panali nyumba imodzi yokha, ya mayi wina dzina lake Nambewe. Anali mkazi woyamba wa Lameki. Lameki anakhalapo pamenepo ngati mkamwini, kenako anamusiya ndi mwana wamkazi n'kukakwatira wina kunyanja. Ukwatiwo unatha ndi mawu oipa, ndipo mudzi wonse unkadziwa. Kwathu kuno timakhulupirira kuti maliro akhoza kukana kuyenda. Adzukulu, anthu onyamula ndi kuika maliro aja, amanena kuti bokosi limalemera kapena kuwakokera kukhomo la munthu amene anapha malemuyo. Ine ndinali ndisanamvepo kuti maliro akana ali pa lole, koma ndinaona nkhope za anthu zikutembenukira kunyumba ija imodzi ndi imodzi.

Nambewe anali ataima pakhomo, mpango uli kumutu, dengu la ufa lili m'manja. Anali atamva kulira kwa lole n'kutuluka kuti akwere nawo kumaliro. Kumbuyo kwake kunali mtsikana wake, amene bambo ake anali m'bokosimo.

A Zakeyu, malume ake a malemuyo, anatsika pang'onopang'ono n'kuvula chipewa. Sanakweze mawu.

"Wakana," anatero. "Mwana wathu wafika pamene amafuna."

Anyamata awiri anayamba kuyenda molunjika kunyumba ija. Wina anawerama n'kutola mwala. Nambewe sanathawe, anangokankhira mwana m'nyumba ndi chigongono, dengu lili chigwirire. Ine kunkhondo ndinaona zoopsa, koma mantha a tsiku limenelo anali a mtundu wina, chifukwa panalibe wokuwa. Kunali zii, kumangomveka madzi akudontha kunsi kwa lole.

"Si maliro, ndi magiya," ndinatero mokweza. "Ndipatseni mpata muone nokha."

"Mwana wa ku Khombedza, maliro ano si anu," anayankha a Zakeyu.

Ndinayang'ana a Matewere. Iwo anali ataona choko chija ndi maso awo. Anagwedeza mutu pang'ono kuti ndipitirize. Anyamata aja anaima kuti aone.

Ndinaika miyala kuseri kwa matayala akumbuyo, n'kulowetsa jeke pansi pa ekiselo yakutsogolo. Azimayi anadandaula kuti ndikupendeketsa maliro. Ndinauza anthu kuti atalikire tayala, n'kuyamba kupopa. Jekeyo anali wa lole yopanda anthu, ndipo anakwera monyinyirika, thukuta likundilowa m'maso. Tayala litangosiya nthaka, mphamvu yonse imene inapotana mkati inamasuka kamodzi. Linazungulira lokha ndi phokoso ngati la mfuti, n'kumwaza timiyala mpaka pakhonde la Nambewe. Che Saidi anakhudza ndodo ndi zala ziwiri, inatuluka ngati ili m'mafuta.

Ndinadzuka ndikuganiza kuti nkhani yatha. Koma nditaona anthu ndinadziwa kuti ndaonjezera nkhuni pamoto. Mayi wina anali atagwira pakamwa.

"Injini ili chete, tayala lazungulira lokha," ananong'ona. "Ndipo miyala yapita kuti?"

Ndinafotokoza za ng'ombe ziwiri pa goli limodzi. Ndinafotokoza za matope ndi nthaka youma. A Zakeyu anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza.

"Zachitsulozo tamva, a makaniko. Koma msewu wonsewu kuchokera ku boma, bwanji zitsulo zanu zasankha pano?"

"Chifukwa pouma ndi pano pokha."

"Eya," anatero, n'kuvala chipewa chawo.

Mvula inayamba kugwa, ndipo ndiyo inapulumutsa Nambewe tsiku limenelo, poti manda anali akudikira. Anthu anakwera. Ufa wake palibe anaulandira. Pamene tinkatsetsereka ndinacheuka, ndinaona mtsikana uja ali pakhomo akuyang'ana bokosi la bambo ake likupita.

Maliro ataikidwa ndinapita kwa a Matewere. Ndinawapempha kuti akaime pamaso pa abale awo n'kunena zimene ankadziwa, poti mawu a mwini lole ndi olemera kuposa a waganyu. Anandiyankha motsitsa mawu.

"Mng'ono wanga ali m'manda, a Yonasi. Ndikauze anthu kuti amene anamuimitsa panjira ndi ine ndi ekiselo yanga?"

Sananene. Ndinawakwiyira kwambiri, ndipo mpaka lero sindinawakhululukire bwinobwino. Patapita masiku ochepa tinadutsa pa mtunda paja ndi nsomba. Denga la nyumba linali litapsa, nkhokwe itagwetsedwa, chimanga chobiriwira chili chiimire m'munda popanda wolimira. Anthu anati Nambewe anatenga mwana wake n'kulowera kumapiri a ku Dowa. Ku boma palibe anakanena.

Ekiselo yakumbuyo inafika mvula ikutha. Ndinaigwira ntchitoyo mano ali gwa. Tinatsitsa yakale, tinakhazika yatsopano pa masipuling'i, ndinamanga mabawuti mopingasa kuti ikhale mowongoka, ndinathira oyilo m'difu n'kulumikiza mabuleki. Kenako choko. Kutsogolo ndi kumbuyo shafti inaima pa mzere umodzimodzi.

Ndinali ndi cholinga changa. Ndinadzaza lole ndi matumba a mpunga, ndinaitana a Zakeyu ndi azibambo ena amene analipo tsiku lija, ndinawakweza pamwamba. Tinadutsa dambo, ndipo ndinauza Che Saidi kuti ndodo asaitulutse. Lole inakwera mtunda uja ndi matayala onse anayi, osadumpha, osabuula, mpaka kupitirira bwinja la Nambewe. Tinaima. Ndinatsika.

"Mwaona, a Zakeyu? Lole yomweyi, mtunda womwewu, katundu wolemera. Ndasintha chitsulo chokha."

A Zakeyu anayang'ana zipupa zakuda zija, kenako anandiyang'ana ine mwachifundo, ngati mwana wochedwa kumva.

"Nanga lero ikanirenji? Mwini wake adachoka."

Ndagwira ntchito ya umakaniko mpaka tsitsi layera, ndipo malole amene ndawasintha maekiselo ndi ambiri. Lamulo langa ndi limodzi. Ngati choko sichinagwirizane kutsogolo ndi kumbuyo, ndimamasula shafti yakutsogolo n'kukaitsekera m'nyumba mwanga, mwini galimoto alire, atukwane, kaya anene kuti ndi za maliro. Sindidalira dalaivala kuti adzakumbukira ndodo, ndipo sindidalira kuti ndidzafotokoza bwino zinthu zitachitika kale. Chitsulo chikalakwa pakati pa anthu olira, chimene chimalipira si chitsulo ayi.