Masokosi Ofiira a Ermete Bufalini

M'chaka cha 1974, Ermete Bufalini, wogulitsa nsomba ku Nettuno, anaphonya mpira maulendo makumi asanu ndi limodzi m'timu ya kudoko ya besibo, masewera omenya mpira ndi chibonga. Komabe mphunzitsi wa timuyo, bambo Quirino, sanamuchotse, pakuti chiyambire 1969 Ermete ankasanduka munthu wina ikafika ndime ya chipulula. Chibonga chake sichinkaphonya, ndipo adani akangomuona ankachita naye mantha. Mwiniwake ankati mphamvuyo ili m'masokosi ake ofiira, amene sankalola kuti aone madzi.

Lamulungu pa 22 Sepitembala, tsiku lolimbirana chikho, anawapeza ali pachingwe, akudontha.

"Nazzarena! Mwandipha, mayi inu!"

Mkazi wakeyo sanasiye kukanda ufa. "Musandisokose, bambo a Nino. Chikwatiranireni ndimawachapa sabata iliyonse, akauma n'kuwapaka dothi la kubwalo. Lero mwangolawira kudzuka. Fungo la nsomba zanuzo silikukwanira?"

Ermete ananyamuka mutu utaima. Ngati si masokosi, nanga ankamenya mpira zaka zonsezi ndani?

Pofika kumapeto kwa masewerawo zigoli zinali zofanana. Anzake atatu anali ataima pamalo onse atatu oimapo, kudikira kuti iye amenye, iwo athamangire kwawo, malo opezera chigoli.

"Tiye, Chinunkha, tionetse zako zija!" anakuwa bambo Quirino.

Ermete anaima ndi chibonga, maso ali kumapazi. Mpira woyamba unadutsa, wachiwiri nawonso. Akanaphonya wachitatu, mwayi ukanatha. Koma woponya, chifukwa cha mantha, anaulakwitsa n'kulunjika kwa iye. Ermete, poganizabe za masokosi, sanalewe, ndipo unamugunda pachigongono kuti pho! Lamulo limati wogendedwa apite pamalo oyamba mwaulere. Motero anzake anasendera kutsogolo, wa pachitatu n'kulowa kwawo, chigoli n'kupezeka, chikho n'kukhala chawo.

Anthu anamunyamula pamapewa.

"Mwamuna weniweni!" anatero bambo Quirino, misozi ili mbwee. "Kupereka dala chigongono! Unachiganiza liti chimenechi?"

"Bambo," anafunsa Ermete, "ndiye kuti aziwachapabe, kapena asiye?"

Palibe amene ankadziwa chimene ankafunsa.

Chigongonocho sichinawongokenso, ndipo Ermete sanasewerenso. Anagulitsa nsomba mpaka 1998. Masokosiwo ali m'kabati yagalasi kumalo omwera khofi a kudoko, ndipo alendo amauzidwa kuti sanachapidwepo.